Mpando wautali m'nyumba ya mphasa

Moyo wa kumudzi kwathu ndi moyo wa pansi. Timabadwira pa mphasa, timadyera pa mphasa, ndipo milandu yathu timaikambira pansi pa mtengo titakhala pa dothi. Mayi akadzuka m'mawa amawerama kuti asese pabwalo ndi tsache lalifupi, amanyonyomala pa mafuwa kuti akoleze moto, amakhala tambalale pokonola cimanga, amagwada popereka madzi osamba m'manja kwa mlendo. Bambo naye ali ndi kampando kake kosema, kamene nkhuku imakwerapo osatambasula mapiko. Palibe amene amaziganizira zimenezi, pakuti tidazipeza zili conco. Ife pa banja lathu tidayamba kuziona pamene amayi athu adabwerera kuno ku Lichinga ali ndi nyung'unyu yacitsulo, madokotala atatiuza kuti kwa miyezi itatu asakhale pansi, asanyonyomale, asawerame. Tidapempha opaleshoni kwa zaka zambiri, ndipo itacitika tidazindikira zimene akuluakulu adanena, kuti walira mvula walira matope.

Tiyambe tafotokoza cinthuco, popeza ambiri a inu mudafunsa pamene munkabwera kudzazonda. Nyung'unyu ndi pamene fupa la nchafu limalumikizana ndi ciuno. Mutu wa fupalo ndi wobulungira, ndipo umazungulira m'kabowo ka fupa la m'ciuno monga munsi mu mtondo. Pakati pake pali kacikopa kosalala koteteza kuti mafupa asakhulane. Kacikopako kakatha ndi ukalamba, kapena khosi la fupa likathyoka munthu atagwa, kapena mutu wa fupa ukafa cifukwa magazi aleka kufikako, munthu amamva ululu m'mphecepece ndi m'nchafu, nthawi zina mpaka m'bondo, ndipo amayamba kutsimphina. Pa opaleshoni, dokotala amadula mutu wowonongekawo, nakhomera citsulo m'kati mwa fupa la nchafu, cokhala ndi mutu watsopano, ndipo m'kabowo muja amaikamo kacikho ka pulasitiki yolimba. Kwa okalamba ena othyoka amangosintha mutu wokha, kabowo n'kukasiya. Njira imeneyi adaikhazikitsa ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa cipatala ca Wrightington mu 1962. Kufupi ndi ife kuno, cipatala ca Beit CURE ku Blantyre cidatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2005 madokotala a mafupa a ku Malawi adayamba kulemba m'kaundula anthu onse oikidwa nyung'unyu kapena bondo latsopano. Kaundulayo adaonetsa kuti ambiri mwa oyambawo sadali nkhalamba ayi, koma anthu a msinkhu wogwira nchito amene mutu wa fupa udawafera, ena mwa iwo okhala ndi HIV, ndipo nawonso adacira bwino. Tsono nkhaniyi si ya agogo okha.

Kuti afike pa fupalo, dokotala amang'amba minofu ndi thumba lolimba limene limagwira mutu wa fupa m'malo mwake. Amasokanso, koma zosokazo zimafuna milungu 6 mpaka 12 kuti zigwirane. M'nthawi imeneyi mutu watsopano ukhoza kuguluka ngati mwendo wapindidwa molakwika. Ukaguluka, palibe wa m'mudzi angaubwezere. Munthu ayenera kunyamulidwa kupita ku cipatala, agonekedwe tulo ndi mankhwala, amukoke. Kwa munthu wa mu mzinda waukulu imeneyi ndi nkhani ya tsiku limodzi. Kwa munthu wa ku Lago kapena ku Majune, m'mwezi wa Febuluwale milatho itamira, ndi nkhani ina ndithu.

Amayi athu adawadula cakumbuyo kwa nchafu, ndipo malamulo amene adapatsidwa ndi atatu. Akakhala, bondo lisakwere kupitirira ciuno, ndiponso cifuwa cisaweramire ku maondo. Miyendo isapingasane, pokhala ngakhale pogona. Phazi la mwendo wodwalawo lisapotokere m'kati, ndipo asatembenuke thupi phazilo litaponda malo amodzi. Amene amadulidwa cakutsogolo amapatsidwa malamulo ena, ndipo ena amauzidwa kuti asayambe msanga kupondera mwendo ndi thupi lonse. Motero musanacoke ku cipatala funsani dokotala mwini wake kuti wadula cakuti, kuti wodwala aponde motani, ndi kuti malamulowo atha liti. Zimene tikulemba pano sizilowa m'malo mwa mawu ake.

Malamulowo adatipatsa pa pepala la Cingelezi, ife ophunzira Cipwitikizi, koma zithunzi zake tidazimva. Padali munthu wokhala pa mpando wa manja, wina wokhala pa cimbudzi camadzi, wina wogona pa bedi lalitali ali ndi mtsamiro pakati pa miyendo. Pepalalo lidalembedwera nyumba imene ife tilibe. Nchito yoyamba ya banja, wodwala asanafike n'komwe, ndiyo kulimasulira pepalalo kuti ligwirizane ndi nyumba ya dothi.

Za ulendo tingonena pang'ono. Kucokera ku Blantyre, kudzera ku Mangochi, kukwera mapiri a Namwera, kudutsa malire pa Chiponde ndi Mandimba mpaka kufika kuno, ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Mu chapa munthu amakhala maondo atafika pacifuwa, thumba la wina lili pamiyendo. Mmenemo wodwala wotere asalowemo. Tidasonkha ndalama ya galimoto yapadera, mpando wakutsogolo tidaukankhira m'mbuyo ndi kuupendeketsa, tidaikapo bulangete lopinda kuti ukwere, ndipo tinkaima kawirikawiri kuti amayi atsike, ayende pang'ono. Njinga yamoto ndiyo yosayenera n'kuichula komwe.

Mlongo wathu wamkulu ndiye adapeza nzeru imene idatithandiza koposa zonse. Adawaimiritsa amayi, nayeza ndi kansungwi kucokera pansi mpaka kuseri kwa bondo, nawonjezerapo zala zinayi, nadula. Kansungwi kameneko kadasanduka woweruza wa m'nyumba. Ciliconse cimene amayi ankafuna kukhalira tinkayamba taciyeza, cikacepera, sakhalapo. Kama tidaikweza ndi njerwa zowocha, ziwiriziwiri pa mwendo uliwonse, ndipo pansi pa matiresi tidayalapo matabwa kuti pasalowe m'kati. Mpando wa nsalu wa pabalaza, umene aliyense amauyesa waulemu, udalephera mayeso, cifukwa munthu akakhalapo amamira. Udapambana ndi mpando wamatabwa wouma, wa manja awiri, umene tidauikira mtsamiro wolimba. Pokhala, amayi adaphunzira kubwerera cambuyo mpaka miyendo itakhudza mpando, kutambasulira kutsogolo mwendo wodwala, kugwira manja a mpando, ndi kutsika pang'onopang'ono. Podzuka ndi cimodzimodzi: kusendera kumapeto kwa mpando, kukankha ndi manja, osaweramira kutsogolo.

Tsopano tikambe za malo amene anthu sakonda kuwachula pagulu, koma ndi amene angagwetse nchito yonse ya dokotala m'kamphindi. Cimbudzi cathu ndi cokumba, ndipo munthu amanyonyomala. Palibe kakhalidwe kena kamene kamapinda nyung'unyu kuposa kameneka. Wodwala akhoza kusunga malamulo onse tsiku lonse pamaso pa anthu, koma kumeneko amapita yekha, ndipo manyazi samulola kufunsa. Mayi wacikulire sangauze mwana wake wamwamuna kuti sakudziwa mocitira. Tsono banja liyambe lokha kukonza, osadikira kufunsidwa. Mmisiri wa matabwa wa pafupi ndi msika adatikhomera mpando wamphamvu wa manja, wa msinkhu wa kansungwi kaja, nauboola pakati. Tidauika pamwamba pa dzenje, titayamba taona ngati mitengo ya pansi njolimba, pakuti cimbudzi cozira ndi dothi cimafewa m'dzinja. M'mbali tidazika mtengo wogwirira. Njira yopita kumeneko tidaisalaza ndi kuthirapo mcenga, cifukwa dothi lofiira la kuno likanyowa limaterera ngati therere. Usiku mpandowo unkalowa m'cipinda, pansi pake pali ndowa ya civundikiro, ndipo ana aakazi ankasinthana kugona pafupi. Posamba ankakhalanso pa mpando wautali, ndowa ya madzi ili pa tebulo, mapazi akuwasambitsa mdzukulu.

Zina zidali zazing'ono. Mphasa zonse za m'njira tidazipinda, pakuti ndodo imakodwa m'mphepete mwake. Patapata tidawabisa, n'kugula nsapato zogwira cidendene. Mbaula idakwera pa ciunda ca njerwa kuti amayi athe kutakasa ndiwo ataimirira, ngakhale kuti mthiko wa nsima adayamba ausiyira ena. Kanthu kakagwa pansi ankaitana mwana. Pambuyo pake adaphunzitsidwa kutola atagwira tebulo ndi dzanja limodzi, mwendo wodwala atautambasulira kumbuyo. Pogona ankagona cagada, mtsamiro uli pakati pa maondo. Zimenezi zidawasautsa kwambiri, cifukwa kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,300, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi thupi limafuna kudzipinda ngati mwana wa m'mimba. Tidawonjezera mabulangete m'malo mwake.

Zonsezi n'za matabwa ndi njerwa, ndipo banja lililonse logwirizana lingazithe. Cimene cidavuta ndi ulemu.

Kwathu kuno mkazi wolelewa bwino sapereka moni kwa wamkulu ali ciriri. Amagwada, nakhalira zidendene, naweramitsa thupi, ndipo podzuka amakweza bondo limodzi mpaka pacifuwa. Amayi athu acita zimenezi moyo wawo wonse, ndipo thupi lawo limayamba kutsika lokha asanaganize n'komwe. Tsiku lina kudabwera amalume awo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, kucokera ku Metangula. Tidaona amayi akugwira kapulana kuti atsike, ndipo mlongo wathu adawagwira paphewa nati: "Amayi, khalani pomwepo. Agogo amva." Nkhalambayo idayang'ana uku ndi uku, kenaka idakoka kampando kake n'kukhala pafupi ndi mapazi awo, niti: "Mwana wa mlongo wanga, lero ndikhala pansi ndine. Mwadzuka bwanji?" Amayi adayankha moni misozi ili m'maso. Tidaona pamenepo kuti mawu a dokotala sakwanira pa okha. Pafunika wamkulu wa pamudzi awavomereze poyera, kuti wodwala asadzione ngati wamwano.

Pa maliro mpamene padali povuta koposa. Mwezi waciwiri kudagwa zovuta kwa anansi athu, anthu amene adatithandiza pa matenda onsewa, ndipo amayi adati sangakhale m'nyumba ngati sadamve. Koma mukudziwa mmene timakhalira pa siwa: amayi onse pansi m'nyumba, mothinana, usiku wonse, ndipo mipando ili panja kwa abambo. Mkazi wokhala pa mpando pakati pa anzake olira amaoneka ngati akudzikweza. Tidapita kaye kwa amfumu ndi kwa amayi otsogolera mphakati wathu, tidawafotokozera, ndipo iwo ndiwo adanyamula mpandowo n'kuuika pakhomo pa nyumba ya siwa. Amayi adakhala ola limodzi, adalira ndi anzawo, tidabwerera nawo. Padali ena amene adanong'ona, sitikana. Koma tikufunsa inu amene mumatsogolera miyambo yathu: kodi cipepeso cili m'maondo kapena m'kubwera kwa munthuyo? M'chalichi namonso mabenci athu ndi aafupi, opanda poyedzamira, ndipo nthawi yogwada ikafika wodwala amaona ngati maso onse ali pa iye. Munthu wodwala sakakamizidwa kugwada. Akhale pa mpando wake kumapeto kwa mzere, aweramitse mutu, zakwana. Akatekisiti akanena zimenezi kamodzi kutsogolo, amamasula anthu ambiri, ngakhale amene sadapite ku opaleshoni.

Pali mbali ina imene ikuoneka ngati ikutsutsana ndi zonse tanenazi. Cifundo cathu cimadziwa mawu amodzi kwa wodwala: gonani, pumulani, musadzivute. Aliyense wobwera kudzazonda akapeza amayi akuyenda pabwalo ndi ndodo ziwiri ankadzidzimuka, ena mpaka kutidzudzula kuti ana inu mulibe cisoni. Komatu ku cipatala adawaimiritsa tsiku lotsatira opaleshoni, bala lili laliwisi. Adatero dala. Munthu wogona osatakataka magazi amaundana m'misempha ya m'miyendo, mapapo amadzaza makhololo, kumsana kumatuluka zilonda, ndipo minofu imene iyenera kugwira fupa latsopanolo imafota. Citsulo cilibe mphamvu yakeyake. Cimayenda ndi minofu ya mwini wake, ndipo minofu ya amayi idali itafooka kale ndi zaka za kutsimphina.

Masewera amene adaphunzitsidwa ndi osavuta, ndipo ankawacita katatu pa tsiku, ciliconse kakhumi. Atagona cagada, ankakweza ndi kutsitsa mapazi ngati wopalasa makina osokera. Awa ndiwo oyendetsa magazi, ndipo ankawabwereza nthawi iliyonse akakumbukira. Ankakanikizira kuseri kwa bondo pa matiresi n'kuwerenga mpaka 5. Ankafinya matako n'kuwerenganso cimodzimodzi. Ankakoka cidendene cakumatako mokhwekhwereza, osapitirira muyeso uja, n'kucibweza. Ankatsegulira mwendo kumbali, zala zikuloza kudenga, n'kuubwezera pakati osadutsa. Atalimba pang'ono adayamba kucita ataimirira, atagwira tebulo: kukweza bondo pang'ono, kutaya mwendo kumbali, kuutaya kumbuyo msana uli woongoka. Amenewa a kumbali ndiwo ofunika kwambiri ngakhale amatopetsa, cifukwa mnofu wa m'mbali mwa thako ndi umene umaletsa ciuno kupendama poyenda. Mdzukulu wa kalasi yacitatu ndiye adapatsidwa udindo wowerenga, ndipo sankakhululuka ngakhale kamodzi. Ku Hospital Provincial de Lichinga kuli gawo la fisioterapia, ndipo amene angathe kufikako apite, kuti wodziwa aone ngati akucita bwino ndi kuwauza nthawi yowonjezera.

Kuyenda kudayamba ndi kucoka pa kama kufika pakhomo, kenaka pa nkhokwe, kenaka pa mtengo wa mapeyala wa kumalire. Maulendo aafupi ambiri amaposa ulendo umodzi wautali. Pokwera khonde umatsogola mwendo wabwino. Potsika zimatsogola ndodo ndi mwendo wodwala. Potembenuka ankaponda timasitepe ting'onoting'ono mozungulira. Atasiya ndodo ziwiri n'kutsala ndi imodzi, adauzidwa kuigwira ku dzanja la mbali yabwino, zimene anthu ambiri amazitembenuza. Kutupa pang'ono kwa mwendo madzulo n'kwacibadwa, ndipo kumatsika munthu akagona mwendo uli pa mtsamiro. Ululu wa minofu yotopa si woopsa. Ululu wobaya ngati mpeni ndi wouza munthu kuti aleke. Pa cakudya sitidafune zacilendo: nyemba zathu zomwezi, usipa wa kunyanja, mazira, ndiwo zotendera, ndiponso papaya ndi madzi ambiri, popeza mankhwala a ululu amamanga m'mimba.

Pali zizindikiro zimene banja lonse liyenera kuzidziwa, ngakhale ana. Katumba akatupa mwendo umodzi, n'kumapweteka ndi kutentha, mwina magazi aundana. Musamusisite, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Wodwala akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kubaya m'cifuwa, imeneyo ndi ngozi ya moyo, musadikire kuti kuce. Akamva ululu waukulu mwadzidzidzi, mwendo n'kuoneka waufupi kapena wopotoka, osatha kuuponda, fupa laguluka. Musalole wina aliyense kuukoka, mugonekeni pa thabwa kapena pa citseko, mumunyamule. Bala likafiira, likatupa, likayamba kucuca madzi kapena mafinya, musathirepo kanthu. Ndipo apa ticenjezane bwino za kutentha thupi. Kwathu kuno thupi likatentha tonse timati malungo, ndipo nthawi zambiri timalondola. Kayezetseni ndithu, koma muwauze anamwino kuti munthuyu ali ndi citsulo m'thupi, pakuti tizilombo tikafika pa citsulo timamatirira, ndipo mapiritsi wamba satitha. Pa cifukwa comweco mphini zisayandikire mwendo umenewo. Alipo acibale amene adabwera ndi lumo ndi mankhwala akuda, mwa cikondi ceniceni, kuti atemere amayi pociritsa kutupa. Tidawathokoza, tidawaphikira nsima, lumo lidabwerera m'thumba. Ngakhale patapita zaka, dzino lobooka, cithupsa kapena cilonda ca kuphazi zisalekereredwe. Mankhwala oletsa magazi kuundana amwedwe mpaka masiku amene dokotala adanena atakwana, ndipo ulusi wa pabala amacotsa patapita pafupifupi milungu iwiri.

Itakwana miyezi itatu tidabwerera nawo kukaonedwa, ndipo adajambulidwa. Dokotala adamasula malamulo ena. Adawalola kugona cam'mbali, ndi kugwada pa mtsamiro atagwira cinthu, potsika atsogoze bondo la mwendo wodwala. Kunyonyomala kotheratu ndi kukhala pa kampando kosema adati apitirize kuzipewa. Amayi adafunsa funso limodzi lokha, la khasu. Yankho lidali lakuti kulima kowerama tsiku lonse ndi kusenza mtolo wa nkhuni kapena ndowa yodzaza kumadya kacikho ka pulasitiki kaja msanga. Nyung'unyu zambiri zotere zimatha zaka zoposa 15, koma kuisinthanso kaciwiri ndi opaleshoni yaikulu kuposa yoyamba, ndipo ndalama zake banja ngati lathu silingazipeze kawiri. Tsono adagwirizana pakati. Mpini wa khasu lawo tidausintha, tidaika wautali wofika pacifuwa, kuti azipalira ndiwo za kuseri kwa nyumba ataimirira. Kumunda waukulu amapita nthawi yobzala, amayenda m'mizere akuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi, ndipo zotsala amalamula ali pa mthunzi.

Mpando wa manja ukadali pa khonde. Wa kucimbudzi tidakhomanso wina, cifukwa woyamba uja adadzaubwereka anthu a ku Sanga, kumene bambo wina adagwa pofolera denga nathyoka khosi la fupa la nchafu. Adapempha kuti tiwapatsenso kansungwi kathu, koma tidawauza kuti akadule kawo, pakuti bamboyo ndi wamtali kuposa amayi athu, ndipo mpandowo adzayenera kuuika pa njerwa.